Basu ndi Mayina a Munda wa Atate Ake

Ana inu, mwambi wa lerowu ena amati udachokera kutali, kumapiri ozizira a kumpoto kwa Afirika. Kumeneko kuli anthu amene alendo amawatcha Aberiba, koma eni ake amadzitcha Amazigi, ndiye kuti mfulu. Aroma adawapeza ali pomwepo, Aluya nawonso chimodzimodzi, koma chilankhulo chawo sichidafe.

M'mudzi wina wa m'mapirimo mudali munthu dzina lake Basu. Iyeyu adatsikira kumzinda wa kugombe ndevu zisanamere, nakalowa ntchito yonyamula katundu padoko. Akati alankhule, anzake ankaseka, amvekere, "Tamverani mbuzi ya kuphiri!" Basu adachita manyazi. Adaphunzira Chiluya, chakwawo n'kuchitsekera kukhosi. Ana ake sadawaphunzitse ngakhale moni. Mlongo wake wamkulu, Ito, atabwera kudzamuona, Basu adamunong'oneza kuti, "Achemwali, zakuphirizo muno ayi, anthu akumva." Ito adabwerera m'mawa mwake, ndipo sadapondekonso.

Zidatha zaka makumi anayi. Msana udakana, padoko adamuuza kuti akapume. Mkazi wake adamwalira, ana adabalalikira kumaiko ena. Basu adatopa nawo mzindawo, mzinda nawonso udatopa naye. Pamenepo adakumbukira munda wa atate ake, nanyamula kathumba kake, ulendo wa kuphiri.

Adafika nyengo yachisanu, mundawo uli tsala. Akuluakulu adali pafupi kuupereka kwa ena. Tsono kumeneko munda sunkalembedwa papepala. Mwini wake ankaimirira pabwalo n'kutchula dzina la kasupe wothirira, mayina a miyala ya m'malire, ndi makolo asanu ndi awiri amene adaulima, zonse m'chilankhulo cha makolowo.

Basu adaimirira. Kutsekula pakamwa, chidatuluka Chiluya chokhachokha.

"Miyala imeneyi siidziwa mawu amenewo," adatero mkulu wa bwalo, mosakalipa. "Nkhope ndi ya atate ako, koma nkhope siitchula malire. Takupatsa masiku atatu."

Basu adakwera kunyumba ya Ito. Adampeza atakalamba zedi, akuwaza nkhuni pakhomo. Ito adamuyang'ana kamodzi, napitiriza kuwaza.

"Achemwali," adatero Basu, akufunafuna mawu ngati munthu wotola mapira mumchenga, "ndiphunzitseni mayina aja."

"Ndilankhule zakuphiri? Anthu samva kodi?"

Basu adatula kathumba kake pansi.

Ito adatsamira mpini. "Nkhwangwa iyi chilimwe chonse imagona kuseri kwa khola, dzimbiri likuidya, palibe woifunsa. Kukangozizira, aliyense, 'Nkhwangwa ili kuti?' Chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu, Basu. Khala pansi. Ine ndatopa, mphamvu zokukwiyira ndilibe."

Masiku atatu adakhala padzuwa pakhomopo, Ito akutchula, Basu akubwereza. Lilime linkalemera, mutu sunkagwira msanga. Ito akabwereza kasanu ankangogwira chibwano, n'kuyambanso.

Tsiku lachitatu Basu adaimanso pabwalo. Adatchula kasupe, adatchula miyala, adatchula makolo mmodzimmodzi, akupunthwa ngati bulu wolemedwa. Palibe adaseka. Atatsiriza, mkulu uja adati, "Wawapotoza, komabe ndi omwewo. Munda ngwako."

Basu adaulima zaka ziwiri zokha, kachigawo kakang'ono, poti mphamvu adazisiya padoko. Atamwalira, ana ake adabwera kumaliro. Bwalo lidawafunsa mayina aja, iwo adangoyang'anana. Ito adali atatsogola kale, wowaphunzitsa panalibe. Mundawo adaupereka kwa ena, anawo nabwerera komwe adachokera ngati alendo.

Mawu a Ito aja ndiwo adatsala, anthu nawatenga kukhala mwambi: chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu. Tanthauzo lake n'lakuti munthu zinthu zikamamuyendera amanyoza chimene chidamulera, kaya ndi mbale, kaya mwambo, kaya chilankhulo, ndipo amachikumbukira mavuto akamufika pakhosi. Nthawi zina amachipeza chikadalipo. Nthawi zina amapeza mpini udafumbwa kale. Tsono inu, chilankhulo cha amayi anu muzichinola kukadali kotentha.