Mowa Wotchipa wa ku Banki

Ku Barnsley, tauni ina ya kumayiko a azungu, bala yaikulu ya pafupi ndi msika anthu amangoitchula kuti ku Banki, chifukwa nyumbayo kale inali banki. Ndi nthambi ya kampani ina imene ili ndi mabala pafupifupi m'tauni iliyonse. Mulibe nyimbo, kapeti yake ndi ya maluwa ozunguza mutu, koma mowa ndi wotsika mtengo, ndipo khofi ukalipira kamodzi umathira mobwereza mpaka mimba itakana. Zitseko zikatsegulidwa m'mawa, oyamba kulowa si zidakwa ayi, koma nkhalamba zothawa kuzizira ndi zii wa m'nyumba zawo.

A Clifford Ackroyd anali mmodzi wa nkhalambazo. Anayendetsa basi moyo wawo wonse, ndipo chimwalirireni akazi awo nyumba inawakulira. Tebulo lawo linali la pakona, pafupi ndi chitsulo chotenthetsera m'nyumba. Ankayamba ndi mazira, nyemba ndi soseji, kenako khofi, ndipo chakumasana ankatsirizira ndi tambula imodzi ya mowa. Koma chimene chinkawadzutsa m'mawa sizinali nyemba. Anali Lorraine Sugden, mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu, amene ankagwira shifiti ya m'mawa pamodzi ndi mnzake Bev. Poti anali awiri pa ntchito yothira zakumwa ndi kutolera mbale, Lorraine ankapeza mpata woima pakonapo, kansalu kopukutira kali paphewa, n'kumafunsa za bondo la a Clifford, kusimba za mdzukulu wake wosamva, ndi kunyoza timu yawo ya mpira. Masiku ambiri, m'tauni yonseyo ndi Lorraine yekha amene ankawaitana ndi dzina.

"Madala, ndevu zimenezo bwanji? Kapena lezala nalonso linapuma pantchito?"

"Ndikameta udzandifunsira ukwati, mwana wanga. Ndikudziteteza."

"Ine? Munthu wa bondo limodzi ndikamutani?"

Moyo unali wotero, ndipo unali wokoma. Vuto ndi lakuti munthu amene anazolowera msewu sakhazikika. Tsiku lina a Clifford anatenga chiphaso chawo cha okalamba chokwerera basi ulere, n'kupita kukawongola miyendo m'tauni yoyandikana nayo. Kumeneko analowa m'bala ya kampani yomweyo. Mowa womwewo, tambula yofanana, kapeti yonyansa chimodzimodzi, koma mtengo wotsika ndi mapeni makumi anayi. Mowawo anaumwa mtima ukuwawa ngati munthu amene wapeza wakuba m'nyumba mwake.

M'mawa mwake anafika ku Banki nkhope ili ndwii.

"Zaka zonsezi mwakhala mukutimeta mutu ndi mpeni! Uko mowa womwewu akuugulitsa motchipa. Ife tinalakwanji?"

"Mitengo ndimaika ine, a Cliff? Imachokera ku likulu," anatero Lorraine akupukuta tebulo. "Nanga kumeneko munaona ogwira ntchito angati?"

"Sindinapite kukawerenga anthu ine."

"Tebulo munakhalapo linali lopukuta?"

"Chigongono chinamata pang'ono. Koma chigongono sichilipira mowa."

"Zisiyeni, madala. Timapeni timeneto ndi timene timandiimitsa pano kumamvera za bondo lanu."

A Clifford anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za masiku onse. Anali ndi makani a madalaivala akale, aja amene akati basi siima apa ndiye kuti siima, ngakhale munthu agwade mumsewu. Anapita kwa manijala, Kieran, mnyamata wamtali amene ankapepesa ngakhale kwa mpando akauomba. Kieran anapepesa, n'kunena kuti nkhaniyo ndi ya ku likulu. Apo a Clifford anaimbira foni nyuzipepala ya m'deralo. Wojambula anabwera, anawaimika pakhomo pa Banki, tambula m'dzanja, chala chikuloza chikwangwani cha mitengo.

"Kwiyaniko pang'ono, bambo. Ayi, kwambiri. Ganizani kuti akuberani mkazi wanu."

Chithunzicho chinatuluka pa tsamba loyamba, a Clifford atakwinya nkhope ngati aluma ndimu. Kampani yaikulu imaopa phokoso lotere kuposa moto. Pasanapite nthawi Banki inaikidwa m'gulu la nthambi zotchipitsitsa, ndipo chikwangwani chatsopano chinamatidwa pazenera. Tsiku limenelo a Clifford analowa ngati mfumu. Nkhalamba zinaomba m'manja, ndipo iwo anagulira tebulo lonse mowa, chinthu chimene anzawo anali asanachionepo chibadwire.

Koma ku likulu kuli lamulo lawo: malipiro a antchito amayenda ndi ndalama imene tambula ikubweretsa. Tambula ikatsika, wina ayenera kuchoka. Maola a Bev anawadula mpaka anatsala osakwanira lendi, ndipo iye sanadikire kuti amutsanzike. Anakapeza ntchito yophika buledi m'sitolo yaikulu, n'kumatumiza uthenga wakuti kumeneko palibe amene amamusanzira pansapato. Lorraine anatsala yekha, ndi Kieran wothamangira uku ndi uku.

Chachiwiri a Clifford sanachiganizirepo n'komwe. Nyuzipepala imawerengedwa m'matauni onse ozungulira, ndipo chiphaso chaulere sanali nacho iwo okha. Mabasi anayamba kutula nkhalamba pakhomo pa Banki ngati kuli maliro a munthu wotchuka. M'mawa wina anapeza patebulo lawo la pakona patakhala amayi atatu achilendo, zikwama zili mbwee pamipando. M'mabala otere mulibe zosungirana malo. Woyamba kufika ndiye mwini.

"Pepani amayi, pamenepa ndimakhala ine."

Wamkulu wa amayiwo anawayang'anitsitsa, kenako nkhope yake inawala.

"Ee, si inu a m'nyuzipepala aja? Mulungu akudalitseni, bambo! Mwatithandiza zedi." Ndipo sanasunthe.

A Clifford anakakhala pafupi ndi chitseko, pamene mphepo inkawalasa m'bondo munthu aliyense akalowa. Zimenezo akanapirira. Chimene chinawapweteka ndi Lorraine. Tsopano ankangodutsa ngati basi yodzaza, mbale zili mpaka pachibwano, moni akuuponyera kumbuyo, ndipo masiku ena ngakhale moniyo kunalibe. A Clifford ankabwerera kunyumba mapeni awo ali m'thumba, koma popanda munthu amene wawatchula dzina. Anali osungulumwa kuposa chaka chimene anaika maliro a akazi awo, ndipo ankadziwa amene anaziyamba.

Tsiku lina, Lorraine akudutsa wefuwefu, anayesa kumukola.

"Lorraine, bondo lija usiku wathawu..."

"Madala, lero bondo lanu lidzifunse lokha. Onani mzere uwo!"

Anapita osacheuka. A Clifford anavala chipewa, n'kuganiza zochoka osadzabweranso. Nanga kunyumba kulibe ketulo? Koma poti adzuke, mkono wa jekete unamata pa msuzi wa nyemba za munthu wina. Patebulopo panali mbale za anthu amene anadya kalekale. Chifukwa cha mkwiyo chabe anazisanjikiza, anaika matambula pamwamba, n'kutsimphina nazo mpaka kumapeto kwa kauntala, kuti aone manyazi onse ogwira ntchito m'menemo.

"Ikani apo," anatero Lorraine, amene anali pambali pawo ndi mulu wake. Anawayang'ana, anayang'ana mbalezo. "Tebulo lachitatu ilo lilinso ndi zina. Tiyeni." Ndipo akuyenda limodzi pakati pa mipando anafunsa, "Ndiye bondolo linatani usiku?"

A Clifford anatsala pang'ono kugwetsa misozi pa kapeti yonyansayo. Anasimba za bondo kuchokera pa kauntala mpaka pazenera, ndipo pobwerera anamva kuti mdzukulu uja amuimitsa sukulu chifukwa chodula mnzake tsitsi. Macheza anali asanafe, anali atangosiya kukhala pansi.

Atatula mtolo wachiwiri anaona mmene Lorraine ankaimira ndi mwendo umodzi, winawo akuupumitsa, akakolo atatupa.

"Mwana wanga, ndinakulakwira. Iwe ndi Bev. Ndiimbirenso a nyuzipepala kuti mtengo ubwerere pakale?"

Lorraine anaseka mpaka anagwira kauntala.

"Mungoyerekeza! Nkhalamba zonsezi zikung'ambani ndi mano oikirira. Ndipo ku likulu mtengo akhoza kukweza mawa lomwe, koma munthu amene anamuchotsa sabweza. Kupepesa kwa pakamwa sikuchotsa mbale, a Cliff. Tengani matambula awo."

Kieran anabwera akupepesa, n'kunena kuti lamulo sililola kasitomala kulowa kuseri kwa kauntala. A Clifford anafunsa ngati lilipo loletsa munthu kufika kutsogolo kwake ndi mbale. Kieran anakanda mutu, anati limenelo sanalimvepo.

Kuyambira pamenepo, ukalowa ku Banki m'mawa umapeza nkhalamba yotsimphina ikuzungulira m'matebulo, ikukalipira anzake ngati ali m'basi. "Tiyeni tisunthire m'kati, malo alipo! Inu akulu, tambula yopanda kanthu mukuikumbatira chifukwa chiyani, ndi mkazi wanu?" Salandira kalikonse, ndipo Lorraine amatopabe, chifukwa manja a nkhalamba sangalowe m'malo mwa Bev. Koma tsopano anthu a m'matauni anayi amawadziwa a Clifford ndi dzina, ndipo iwo amafika kunyumba atatopa mokwanira kugona tulo.

Masana ena atakhala pansi kuti amwe tambula yawo, Lorraine anawagwira mkono wa malaya. Unali ndi nyemba, mafuta a soseji, ndi china chimene onse awiri sanafune kuchidziwa.

"Taonani mmene mwadzidetsera. Ndiye mowa wotchipawo ukukoma?"

A Clifford anamwa pang'ono, n'kupukuta thovu pandevu.

"Ukukoma, mwana wanga. Kungoti sindinamwepo mowa wodula chonchi."

"Munaupempha nokha."

"Ndinaupempha ndekha," anavomera, akudzuka kale chifukwa basi ina inali itaima pakhomo.

Akuluakulu sananame: walira mvula, walira matope.