Mwana Amene Nthomba Inamulumpha

Kalekale, nthomba isanathe pa dziko, panali mudzi wina m'chigwa, phiri kumbuyo, therezi mbali iyi, dambo mbali inayo. Njira yolowera inali imodzi, ndipo yotulukira inali yomweyo.

Chaka china, anthu atangotha kukolola, nthomba inalowa m'mudzimo. Anthu a midzi yoyandikana atamva, anadula mitengo yaminga n'kuiunjika panjira paja, amuna n'kukhala kuseri kwake ndi mikondo. Anati wodumpha mingayo amulasa ngati nguluwe. Choncho anthu a m'chigwa anatsala okha ndi nthenda yawo. Wodwala ankamutengera ku msasa m'mphepete mwa dambo, ndipo womwalira ankamuika mwakachetechete, popanda kulira maliro. Mchere unatha. M'mawa anthu ankayamba ayang'anana pankhope asanapatsane moni.

M'mudzimo munali mayi wina, Nachisale, amene anali ndi mwana wamkazi wa zaka ziwiri dzina lake Naliyela. Mwamuna wake, Sandalamu, anali mkamwini wochokera kutali. Mlongo wake wa Nachisale, Kachingwe, ndiye anali mwinimbumba, woyang'anira alongo ake onse ndi ana awo.

Tsiku lina Nachisale anabwera kuchokera ku chitsime thupi likuotcha, msana ukuwawa. Zotupa zinali zisanatuluke, koma Kachingwe anali ataona kale mmene nthendayi imayambira. Anamasula mbereko kumsana kwa mlongo wakeyo n'kutenga mwana. Nachisale anagwada. Anapempha kuti apite naye ku msasa, poti mwanayo sankagona popanda kugwira chala cha mayi ake. Kupempha kutakanika, anayamba kutukwana. Kachingwe, misozi ili m'maso, anangoti, "Tukwana, mlongo wanga, bola uyu atsale." Tsiku lomwelo anamanga mpanda wa bango kuzungulira nyumba za mbumba yake, nakumba chitsime chawochawo, naletsa aliyense kulowa kapena kutuluka. Amayi ena amene anapita ndi ana awo ku msasa, anawo sanabwereko.

Sandalamu anali ndi chipsera pamkono, cha katemera amene anamutemera pamene ankapita kukagwira ntchito ku migodi. Anauza alamu ake kuti ku boma kuli anthu otemera, ndipo ndi bwino aitanidwe. Kachingwe anakana. Anati obwera ndi katemera amabweranso ndi moto, amatentha nyumba za odwala, ndipo moto sudziwa kusiyanitsa nyumba ndi nkhokwe.

"Alamu, mudzi ukapsa inu mudzapinda mphasa yanu n'kupita kwanu," anatero. "Nanga ife tidzapinda chiyani? Tambala salira kwa eni."

Masana a tsiku lotsatira Sandalamu anatenga nkhwangwa ngati akukafula uchi, nakwera therezi podutsa anyani, kumene alonda a mikondo sankaganizira kuti munthu angadutse. Anayenda masiku atatu. Panjira anagona kwa nkhalamba ina m'mudzi wina, ndipo sananene kumene ankachokera, poti akananena sakanafika. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anabwerera ndi wotemera mmodzi ndi asilikali awiri, napeza mkazi wake ataikidwa kale. Asilikali anatentha nyumba za odwala monga lamulo lawo linkanenera. Mphepo inatembenuka, nkhokwe zinayi zinapsa, ya Kachingwe ili momwemo. Patapita nthawi zinamveka kuti nkhalamba imene inamubwereka mphasa Sandalamu panjira paja inadwala nthomba n'kumwalira. Ena anati inatengera nthendayo ku zovala za mlendoyo, ena anati inali itapita kale kukazonda wodwala kwina. Palibe anadziwa chenicheni.

Wotemera uja anaika anthu onse pamzere pansi pa mkuyu. Aliyense ankamukanda pamkono ndi kasingano koviika m'mankhwala, namuuza kuti pakandidwapo patupa, pachita chilonda, koma asapakhudze. Atatha anapita kukatemera midzi yoyandikana, natenga Sandalamu kuti amunyamulire bokosi. Minga inaunjikidwanso panjira.

Wotemera atangozimirira, Kachingwe anasonkhanitsa mbumba yake mumpanda n'kuyamba kudula mandimu. Iye sankaona nzeru yoika nthenda m'thupi la munthu wamoyo. Ankadziwanso kuti mkono wotupa sugwira khasu, ndipo nkhokwe itapsa, dimba ndilo linatsala lowadyetsa. Anthu ambiri masiku amenewo ankachita zomwezo, kufinyira ndimu pakandidwapo kuti mankhwala afe chilonda chisanabuke. Anayambira akuluakulu, kutsika kupita kwa ana.

M'mudzimo munalinso mayi wina wosakwatiwa, Nankhoma, amene sanali mbale wa banjali. Nthomba inamugwira ali mtsikana, inamuphera diso limodzi n'kumusiyira nkhope ya mabowomabowo, moti anyamata ankamuseka kuti chisa cha njuchi. Poti nthomba sigwira munthu kawiri, iye ndiye ankasamala odwala ku msasa, ndipo Nachisale anamwalirira m'manja mwake. Nankhoma anali atasambitsa matupi ambiri, ndipo anali ataona chinthu chimodzi: palibe ngakhale mmodzi wa chipsera pamkono amene anagonapo pa mphasa za ku msasa. Atamva za mandimu, anang'amba mpanda wa bango kuseri, napeza Naliyela akusewera ndi dothi mzere usanamufike. Anamuponya kumsana n'kuthawira naye pa nsanja yoingitsira anyani m'mbali mwa phiri. Anamubereka ndi nsalu yomweyo imene ankavala ku msasa, poti analibe ina.

Anakhala pansanjapo masiku asanu ndi anayi, akudya mbatata zootcha. Mkono wa mwana unatupa, thupi linatentha, analira mpaka mawu kusasa. Tsiku lachisanu Kachingwe anawapeza, naima pansi pa nsanja.

"Wakuba iwe, tsitsa mwana wa eni. Ukufuna afanane ndi iwe?"

"Kwerani mudzamutenge," Nankhoma anayankha. "Koma muyambe mwandigwira chanza. Ndi manja omwewa amene anasambitsa mlongo wanu."

Kachingwe anayang'ana manjawo nthawi yaitali, koma sanakwere.

Chilonda cha Naliyela chinauma, nkhanambo inagwa, ndipo nthomba sinamukhudze. Koma mumpanda muja nthenda inalowa ndithu, mwina podzera pamene Nankhoma anang'amba, mwina ndi utsi ndi chipwirikiti cha tsiku la moto. Adzukulu awiri a Kachingwe, amene iye mwini anawafinyira ndimu, anadwala, ndipo mmodzi anamwalira. Ataika malirowo, Kachingwe anapita yekha pa minga paja n'kufuula kwa alonda kuti akaitane wotemera abwerenso. Wotemera atafika pamodzi ndi Sandalamu, Kachingwe anaulula pamaso pa mudzi wonse zimene anachita, natambasula mkono wake poyamba. Amene anali ndi mandimu m'nyumba anachita manyazi, nawonso anaima pamzere. Patatha miyezi iwiri popanda wodwala watsopano, minga inachotsedwa. Otemera anapitirira mudzi ndi mudzi mpaka nthomba inasowa poponda, ndipo m'chigwa muja sinabwerenso.

Njira itatseguka, akuluakulu anasudzula Sandalamu monga mwa mwambo, poti mkazi amene anamubweretsa pamudzipo anali atapita. Iye anavomera kubwerera kwawo, koma anati sachoka popanda mwana wake. Kachingwe anakana. Nankhoma, amene palibe anamuitana, anabwera n'kukhala pansi chapatali, ndipo Naliyela atamuona anathamangira pamiyendo pake. Akuluakulu anati aliyense anene mawu ake.

Kachingwe anati mwana ndi wa kuchikazi, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Anati akanapanda kumuchotsa kumsana kwa mayi ake tsiku loyamba lija, bambo ake akanabwera ndi katemera n'kupeza manda awiri. Za mandimu sanakane. "Ndinalakwa, ndipo ndalipira ndi mdzukulu. Kodi mundilipitsenso ndi uyu?"

Sandalamu anati iye ndiye anabereka mwanayo, ndipo iye ndiye anaika moyo wake pa therezi pamene ena ankangomanga mipanda. Anati popanda ulendo wake, mpanda ukanangochedwetsa imfa, ndipo pansanja pakanakhala popanda chilonda choti munthu achiteteze. Mkulu wina atamufunsa za nkhokwe zinayi ndi nkhalamba ya mphasa, Sandalamu anawerama. "Zimenezo ndidzafa nazo. Koma onse mwakhala panowa mukupuma chifukwa cha mapazi anga."

Nankhoma analankhula motsitsa mawu. Anati alibe magazi m'mwanayo, alibe munda waukulu, alibe mwamuna. Anavomera kuti anaba mwana, anamubereka ndi nsalu ya ku msasa, ndipo zikanatha kuipa. Koma anati mandimu anali atadulidwa kale, malume anali nawo m'manja, bambo anali kutali ndi bokosi pamutu. Kenako anawonjeza kuti Nachisale, tsiku lomaliza, anamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Mwana wanga umulere iwe." Akuluakulu anafunsa ngati panali wina amene anamva mawuwo. Nankhoma anati analipo atatu, onse ali m'manda.

Akuluakulu anakhala pa mlanduwo masiku awiri. Ena anati mwambo ndi mwambo, ndipo munthu amene waulula kulakwa kwake pagulu ndi wodalirika kuposa amene sanayesedwepo. Ena anati mwana woferedwa mayi asalandidwenso bambo. Ena anati mawu a womwalira saponyedwa pansi, ngakhale mboni yake ikhale imodzi yokha. Wina anati amugawane, chaka kuno chaka uko, koma kwawo kwa Sandalamu kunali ulendo wa masiku asanu ndi limodzi, ndipo onse atatu anakana. Mvula inali pafupi, mitsinje ikadzaza njira idzatsekekanso, ndipo Sandalamu anayenera kunyamuka m'mawa mwake.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mlandu wafika m'manja mwanu. Malume anamuchotsa pa nthenda koma akanamuphera katemera. Bambo anabweretsa katemera pamodzi ndi moto. Mayi wosakhala mbale anateteza chilonda, koma umboni wake ndi pakamwa pake pokha. Kodi Naliyela aleredwe ndi yani?