Chingwe cha M'khosi mwa Ndaziona

Kalekale, msewu usanaboole kuseri kwa mapiri uko, amishoni anamanga kachipatala ka zipinda ziwiri pamudzi wina. Ankakayendetsa anali a Sisitere Perepetuwa, mayi wa dzanja labwino koma wouma mutu ngati chitsa. Iwowa anaika lamulo lakuti wovala chithumwa asalowe. Tisawanamizire, anali nacho chifukwa chake. Wodwala akachira, anthu ankatamanda sing'anga amene anamanga chithumwacho; akamwalira, ankati wamupha ndi jakisoni. Zinawakwana.

Tsiku lina m'mawa kunafika mayi wina dzina lake Nangozo, atabereka mwana wake Ndaziona. Malungo anali atamumaliza magazi mwanayo, zikhatho zili mbuu. M'khosi mwake munali kachingwe kakuda ka chithumwa.

"Dulani icho, mayi, ndimuthandize msanga," anatero a Sisitere ataima pakhomo. "Ndikakulolani inu lero, mawa ndidzakaniza ndani?"

Nangozo anacheukira mwamuna wake, Lufeyo. Koma Lufeyo anali mkamwini, ndipo paja mukudziwa, mkamwini ndi tambala wobwereka: amabereka ana, koma mwini ana ndi malume awo. Mpeni anali nawo m'thumba, dzanja osapitamo.

"Amake Ndaziona, chomangitsa alamu anga ndidule ine? Mwanayu akatisiya adzati ndapha ndine. Dikira, ndikawaitane."

Kuthamanga anathamanga ndithu bamboyo, mpaka kudimba kumene kunali a Gwaza, malume ake a mwanayo. A Gwaza nawo sanazengereze, anafika thukuta lili kamukamu. Mwanayu ankamukonda, mbuzi yawo imodzi yokhayo ndi imene inapita kwa sing'anga kuti chithumwacho chimangidwe.

"Mlongo wanga," anatero a Gwaza, "sing'anga ananenetsa kuti chingwechi chikaduka, mwana wapita. Ana ako awiri tinakaika kumanda alibe chithumwa, waiwala? Inu a Sisitere, bayani jakisoni wanuyo chili m'khosi momwemo. Chikulumani?"

"Pano ndi pa nyumba ya Mulungu," anayankha a Sisitere. "Icho sichilowa."

Kalanga ine, anthu akuluakulu kulimbana pa nkhani ya chingwe mwana akufa! Dzuwa linakwera mpaka paliwombo, uyu lamulo, uyu sing'anga. Nangozo anagwadira a Sisitere, sizinatheke. Anagwira mwendo wa mlongo wake: "Achimwene, ndimvereni chisoni." Sizinatheke. Anayang'ana mwamuna wake, mwamunayo anangoti zyoli. Ndipo kumsana kwake ankamva mpweya wa mwana ukucheperachepera.

Basi mtima unamuwawa mayiyo. Anatsitsa mwana, n'kuika chingwe chija pakamwa, n'kuchidula ndi mano.

A Sisitere anamulanda mwanayo n'kuthamangira naye m'kati. Anafunafuna mtsempha pamkono, anafuna paphazi. Asanaupeze, Ndaziona anatsirizika.

Tamverani tsono mmene anasambira m'manja anthu atatuwa. A Gwaza anati, "Ndinanena ine." A Sisitere, misozi ili m'maso, anati, "Mukanadula m'mawa muja, bwenzi ali moyo." Lufeyo anati, "Ine chingwecho sindinachikhudze n'komwe."

Nangozo anabereka mtembo wa mwana wake n'kubwerera kumudzi. Pamaliro palibe anakhala naye pafupi. Kuchitsime amayi anzake ankakodolana akamuona, amvekere, "Ndi uja anapha mwana wake ndi mano." Iye mwini, ngakhale mumtima mwake, sankadziwa ngati analakwa podula kapena pochedwa kudula. Ine nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero.

Nanga inu mwakhala apanu, weruzani. Mudzi unaloza chala mayi. Koma pakati pa a Sisitere ndi lamulo lawo, a Gwaza ndi chithumwa chawo, ndi Lufeyo ndi mpeni wake wogona m'thumba, anapha Ndaziona ndani?