Makina a Kansichi ndi Chilombo cha pa Msinjiri

Kale, mitengo ya pa phiri la Msinjiri isanathere m'matumba a makala, m'phanga la phirilo munkakhala chilombo chotchedwa Mitumitu. Thupi linali limodzi, koma mitu inali mbwee ngati maungu patsindwi. Ukadula umodzi, wina unkaphuka usanapukute mpeni. Mikondo chinkatafuna ngati nzimbe.

Tsiku lina Aferanji, namwali wa m'mudzi wa patsinde pa phirilo, adapita kuchitsime osabwerako. Kudapezeka mtsuko wosweka ndi mapazi aakulu ngati malichero.

"Ndinamuuza ine," adatero a Kathumba, atsibweni ake, mwini mbumba. "Pachitsime chija saimbapo nyimbo. Iye waimba. Tilire, tiiwale."

Mudzi udalira mwaulemu, udaiwala mwachangu. Amene sadaiwale ndi mlongo wake wa Aferanji, Kansichi, kamnyamata kowonda kamene kadatsalira m'chipala bambo ake wosula atamwalira. Anthu ankabwera kudzanoletsa makasu, dzina lake osalikumbuka.

"Atsibweni, achemwali saimba," adatero Kansichi. "Mawu awo ndi a khwangwala, eni ake amadziwa."

"Iwe, ukutsutsa ine? Kapukuse mvukuto uko!"

Kansichi adatenga gogodela ya bambo ake, mfuti yakale yothira wonga kukamwa, nalowa m'thengo. Ali m'njira adapeza linthumbu litazinga chulu. Adamasula kathumba ka phulusa la m'chipala, nawaza mozungulira, linthumbu lija balala! Pamenepo chulu chidang'ambika, ndipo mudatuluka Make Chiswe, woyera, wonenepa, ana ake atamunyamula.

"Wandithandiza, mwana wa wosula. Koma ine sindipatsa kanthu munthu wopusa. Tandiuza: chimadya nyumba chili m'kati mwa nyumba, n'chiyani?"

"Ndinu amene, amayi."

Make Chiswe adaseka mpaka thupi lonse kugwedezeka. "Wayankha theka, koma theka likwana. Tamvera. Chitsulo ndi ndiwo kwa Mitumitu. Chimene chimaboola khungu lake ndi mtovu. Ndiponso mitu yonse igwe woyamba usanaphuke. Zipolopolo zitatu zopala ndi tupa zimene wanyamulazo n'zosewera. Pafunika dengu lodzaza, ndi mfuti zambiri zolira pamodzi."

Ana a chiswe adafukula miyala ya mtovu, yotuwa, yolemera kuposa maonekedwe ake, ndi dongo losang'aluka pamoto. Kansichi adasenza, nabwerera kuchipala.

Adayamba ndi chikombole chimodzi. Chipolopolo choyamba chidatuluka ngati mbatata, chachiwiri chidakanirira m'dongo. Ataona kuti ndi manja adzakalamba dengu lisanadzaze, adazula gudumu la njinga yakufa, namangirira tizikombole tadongo kuzungulira mkombero wonse. Pamwamba adakhazika mphika wa mtovu wokhala ndi kabowo kunsi, pambali mvukuto wa chikopa cha mbuzi, zonse zolumikiza ndi tcheni ku chopondera chimodzi. Tcheni idaduka, adasula ina. Mphika udatayikira pa phazi lake, adamanga sanza, napitiriza. Tsiku lina adaponda: mvukuto fuu, gudumu gwede, mtovu tho, chikombole chikafika pansi n'kuyasama, chipolopolo gwa m'dengu! Gwa! Gwa! Zonse zofanana ngati mazira a njiwa imodzi.

A Kathumba, amene masiku onsewo ankati mwanayu wazungulira mutu, adaima pakhomo diso lili tong'o.

"Mphwanga! Magazi athu enieni! Ndimadziwa ine kuti mwa iwe muli kanthu. Mawa tipitire limodzi. Amuna onse a m'mudzi atitsatira ndi mfuti zawo, ndawauza kale. Koma tinyamule makina omwewa, zipolopolo zingatithere nkhondo ili pakati. Iwe senza makina ndi mtovu wotsalawo, mfutiyo ndi dengu ndikunyamulire."

Kansichi adalira ndi chimwemwe. Chimwalirire bambo ake, palibe adamutchulapo mphwanga.

Adakwera phiri. Kansichi ankacheuka kawirikawiri, koma njira ya kumbuyo inali zii. "Akubwera," ankatero a Kathumba. "Akuthira wonga."

Pakhomo pa phanga padali chitatanga, m'katimo nkhanga zonenepa. Imodzi itaona Kansichi idadziguguda pa nsungwi, misozi ili chuchuchu. Maso ake adali a Aferanji. Mitumitu chinkasandutsa anthu nkhanga kuti ayambe anona.

Nthaka idagwedezeka, chilombo chidatuluka. Kansichi adatambasula dzanja. "Atsibweni, mfuti!"

A Kathumba adamudutsa, nagwada, naika mfuti ndi dengu pa mapazi a Mitumitu, akuomba m'manja.

"Wasunga pangano, Kathumba," udatero mutu wapakati. "Unatipatsa mtsikana, lero watipatsa makina ndi mmisiri wake. Ana ako obereka wekha sitiwakhudza."

"Ndatopa n'kuthamangitsa anthu ine," udadandaula mutu wina. "Tsopano tizingowaombera tili pansi."

"Umathamanga ndiwe? Uli ndi miyendo iwe?" udaulalatira wachitatu.

Kansichi adayang'ana atsibweni ake. "Ndiye nyimbo ija panalibe."

"Udzamvetsa ukadzabereka, mphwanga. Inu ndinu mbumba yanga, inde, koma aja ndi ana anga."

"Nanga amuna a m'mudzi?"



"Yatsa moto, tione!" idakuwa mitu yonse.

Kansichi adasonkha moto, mtima uli phulusa. Adathira mtovu wonse mumphika, naponda mvukuto mpaka mtovuwo udanyezimira ngati mwezi m'chitsime. Mitu idaunjikana pamwamba pake, kukankhana, kulumana makutu. Apo adasiya kuponda.

"Pepani, mafumu. Kwathu chida chatsopano sitichiyamba chisawawa. Mwini mbumba amavumata madzi n'kuchipemerera, kuti mizimu ichilandire. Si choncho, atsibweni?"

A Kathumba adatukumula chifuwa. Miyambo ankaidziwa yonse, koma moyo wawo wonse anali asanagwirepo mbaniro. Sankadziwa chimene mwana aliyense wa wosula amachidziwa, kuti mtovu wosungunuka ukalowa madzi umaphulika.

"Wanena zoona mwanayu. Ndi udindo wanga umenewo. Patseni chikho."

"Udindo wako?" udabangula mutu wapakati. "Makinawa ndi a yani tsopano? Choka apo! Tipemerera tokha."

"Ndiyambe ndine!"

"Iwe wa mano awiriwe? Tonse pamodzi!"

Mitu yonse idamira mumtsinje wa m'phangamo, nidzuka masaya ali tuu ngati mitsuko. Kansichi adakumbatira chitatanga, nadziponya kuseri kwa thanthwe.

Mitu yonse idapemerera madziwo mumphika wa mtovu. Phuuu!

Phiri lidalira ngati laombedwa ndi mphenzi. Mtovu wamoto udauluka, kulowa m'maso, m'kamwa, m'mphuno, mutu uliwonse nthawi imodzi. Panalibe wotsala woti udikire unzake kuphuka. Mitumitu chidadzandira, chidagwira mlengalenga, chidagwa khuu, miyala n'kugubuduka mpaka kudambo. Makina aja adasanduka zidutswa. Nthenga za nkhanga zidathothoka, m'chitatanga mudatuluka anthu, Aferanji patsogolo. A Kathumba adapulumuka ndi khutu limodzi, nathamanga kutsetsereka phiri kukauza mudzi kuti mphwawo wapambana.

Mudzi wonse udatuluka. Ng'oma, nthungululu, mbuzi zitatu pansi. Amuna aja adafika ndi mfuti zawo tsopano, kuombera m'mwamba. Kansichi adamuveka chikopa cha kambuku, namukhazika pampando, ndipo aliyense adakumbukira mwadzidzidzi kuti dzina lake ankalidziwa kuyambira kale. Mtundu wathu pa zovina sulephera.

Aferanji adakhala pambali pake, osaseka.

"Ukuwaona mayi akululutira kwambiriwo?" adanong'ona. "Ndi amene adandiperekeza kuchitsime. Bambo akuimba ng'omawo adandigwira manja."

"Ankadziwa angati, achemwali?"

"Funsa amene sankadziwa. Ndiwe wekha."

Kansichi sadavule chikopacho, sadakane mbuzi. Akuluakulu atamupempha kuti asankhe malo omanga nyumba, pabwalo penipeni ngati afuna, adaloza kumapeto kwa mudzi. Anthu adadula mitengo, adaponda dothi, akuimba dzina lake. Pofika poika chitseko, mmisiri adayamba kuboola khoma loyang'ana kumudzi, monga zimakhalira nyumba zonse.

"Ayi," adatero Kansichi. "Khomo liyang'ane kuphiri."

"Kuphiri, mfumu? Kumene kumachokera zilombo?"

"Kumeneko chilombo chinatha," adayankha Aferanji. "Kumudziko tsekani, ndipo mumate kawiri."