Chitsulo cha ku Nkhotakota pa Chinkhoswe

Pabalaza pa a Tobias ku Bradford panapachikidwa chitsulo chozungulira, chadzimbiri, chimene anachitola m'nyumba ya makolo awo ku Nkhotakota. Aliyense wolowa m'nyumbamo, ngakhale mzungu wodzakonza mpope, ankauzidwa kuti chinali chibangili cha agogo awo a agogo, katswiri wamalonda amene ankapita ndi minyanga ya njovu mpaka ku Kilwa, kunyanja yamchere. Za chibangilizo anawauza ndani? Palibe! Anangoziganiza okha, n'kuzikhulupirira.

Chinkhoswe cha mwana wawo Alinane chitayandikira, a Tobias anachipukuta chitsulocho ndi mafuta ophikira. Akazi awo a Edwina, amene ndi namwino, anawachonderera.

"Bambo a Alinane, imbirani kaye azakhali kumudzi. Chibangili chanji chokhala ndi pokolekera unyolo?"

"Mbiri ya kwathu ndikaifunse kwa munthu? Inu kazipitani kushifiti."

Aliyense amadziwa kuti pachinkhoswe bambo wa mwana amakhala phee, olankhula ndi ankhoswe. Koma a Tobias, abale inu! Ankhoswe atangosinthana tambala ndi thadzi, iwo dzambatu, n'kulanda chimkuzamawu. Anakweza chitsulo m'mwamba kuti akuchimuna ochokera ku Wakefield adziwe kuti Harvey, mwana wawo, akukwatira kubanja la anthu otchuka.

A Matilda, mayi a Harvey, anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Pepani achimwene, icho si chibangili. N'chomangira akapolo m'miyendo. Kwathu ku Ntchisi kuli munda umene mpaka lero sitiulima. M'menemo anagwidwamo ana atatu a m'banja mwathu akupalira, ndipo sanabwerenso."

Munthu wanzeru akanakhala pansi n'kupepesa. A Tobias ayi ndithu. Anatulutsa foni, n'kuimbira azakhali aja, n'kuigunditsa pachimkuzamawu kuti holo yonse imve umboni.

"Kani unachitenga ndiwe?" anakalipa azakhaliwo. "Ndachifunafuna zaka zonsezi kuti ndikachitaye! Ukuganiza kuti minyangayo inkayenda yokha? Agogowo ankasenzetsa anthu ogwidwa kumapiri a ku Ntchisi, akafika kunyanja yamchere n'kugulitsa minyanga ndi oisenza omwe. Ife timachita nazo manyazi, iwe n'kukwera nacho ndege?"

A Edwina anagwira kumutu. A Matilda anaimirira, n'kutenga chikwama chawo.

"Mwanayu alibe mlandu, ndikudziwa. Mukanabwera nacho mukulira, tikanalira limodzi. Koma kutinyadira nacho pamaso? Iyayi. Tiyeni tikaganize kaye."

Akuchimuna onse anatuluka, Harvey akuyang'ana m'mbuyo. Alinane, mu chitenje chimene anachisoketsa ku Leeds, anatsala pampando wa awiri ali yekha, misozi ili mbwembwembwe. Patha miyezi inayi tsopano akuchimuna akuganizabe, ndipo Alinane akakumana ndi bambo ake m'khichini amangowadutsa.

Foni ya mphindi ziwiri yokha, bambo wamkulu n'kuikana, mpaka kuthyola ukwati wa mwana wake! Akuluakulu sananame: safunsa adadya phula.