Mpira Wogwa Pamalire

Kunali mmisiri wina wa matabwa amene ankakhala pa kamsika kena, m'mbali mwa msewu wa fumbi. Mkati mwa sabata ankakhoma zitseko ndi mipando. Loweruka ankasanduka kochi wa timu ya besibolo.

Ndikuona ena mukuyang'anana. Besibolo ndi masewera amene mlendo wina wa kutsidya la nyanja anaphunzitsa anthu a kumeneko, nkubwerera kwawo atawasiyira mipira ndi magolovesi. Savuta kumva. Timu imodzi imamenya kampira kolimba ndi chibonga, munthu mmodzimmodzi, nkuthamanga kuzungulira ngodya zinayi. Akabwerera pamene anayambira, chimenecho ndi chigoli. Timu inayo imamwazikana m'bwalo kuti iwakhe. Mpira ukawakhidwa usanagunde pansi, womenyayo watuluka. Kenako amasinthana. Ndiye kuti aliyense amene mwamuika kuti aziwakha, ayeneranso kumenya. Pamsika mutha kugula ntchafu yokha ya nkhuku, mapiko nkuwasiyira ena. Pa besibolo munthu mumamutenga yense, ndi nthenga zomwe.

Tsono anthu atatu amaima kutali, kumapeto kwa bwalo, kudikira mipira yomenyedwa mwamphamvu. Mlendo uja powaphunzitsa anaika miyala itatu kumeneko, kuti aone poima. Iye anangotola miyala imene inali pafupi. Koma atachoka, anthu anaipaka laimu. Chaka chotsatira anakumba timizere pakati pa mwala ndi mwala, aliyense nkukhala ndi munda wake. Inu mukudziwa m'mene timachitira ndi malire. Munthu woleredwa bwino sakolola m'munda mwa mnzake. Choncho mpira ukamatsikira pamzere, amuna awiri a ndevu zawo ankathamanga, nkuima, nkupatsana ulemu, mpira nkugwa pakati pawo.

Pamwala wa kudzanja lamanja pankaima Fanuwelo, woyendetsa ngolo. Iyeyu akangogwira chibonga, amayi ankayamba nthungululu asanamenye nkomwe. Mpira unkakagwera m'chinangwa cha eni ake. Koma ngolo inamuponda bondo kalekale, ndipo pothamangira mpira ankaoneka ngati munthu wosenza ndowa yodzaza.

Pamwala wapakati pankaima mlamu wake, Sipiriano, telala wa pakhonde la golosale. Ameneyu mpira sunkamudutsa. Ankauona ukadali kumwamba, nkuyamba kuyenda ngati wauzidwa kale pokagwera. Koma mukamupatsa chibonga, ankangomenya mphepo. Zinkamuopa ndi ntchentche zokha.

Chaka china kunabwera uthenga wakuti timu ya ku esiteti ikubwera kudzalimbirana nawo chikho. Akomiti ya timu anakhala pansi. Anati, “A Kochi, kwabwera munthu wina wa kutauni. Amamenya pang'ono, amawakhanso pang'ono. Chotsani mmodzi mwa awiriwa, alowepo iyeyo.”

“Ndichotse uti?” anafunsa mmisiri.

Apa komiti inang'ambika pakati. Amene ankakonda kukhala pafupi ndi pomenyera anati achoke Sipiriano, poti zolephera zake ankazionera pafupi. Amene ankakonda mthunzi wa kumapeto kwa bwalo anati achoke Fanuwelo, pa chifukwa chomwecho. Aliyense anaweruza malinga ndi pamene ankaika mpando wake, nkumati ndi nzeru.

Mmisiri anapita kwawo, nkuyamba kuyesa pa sikelo ya mumtima. Fanuwelo amalowetsa zigoli pakhomo la kumaso, nkuzitulutsa pakhomo la kuseri. Sipiriano salowetsa kanthu, komanso salola kanthu kutuluka. Anaika uyu mbali ino, uyo mbali inayo. Sikelo inakana kupendekeka.

M'mawa mwake mkazi wa Fanuwelo anafika pa malo ogwirira ntchito atasenza mpando. “Bambo, mpandowu ukugwedera.” Mmisiri anaugwedeza. Sunali kugwedera. Mayiyo anayang'ana utuchi pansi, nati, “Chiyambire kusewera Loweruka, bambo a kwathu aja sanapondenso ku shabini. Ine za mpira sindidziwa. Ndangoti mudziwe.” Anasenzanso mpando wake, nkumapita.

Za Sipiriano palibe anabwera kudzamunenera. Panalibe womutuma. Chimwalirire mkazi wake, mchemwali wa Fanuwelo, ankakhala yekha ndi makina ake osokera, ndipo Loweruka linali tsiku lokhalo limene anthu ankatchula dzina lake mokweza. Izi mmisiri ankazidziwa.

Ndiye anatseka chitseko, nkupita kubwalo kulibe munthu. Anayenda mpaka pamwala wapakati. Anauyang'ana. Anauponda, nkuugubuduza ndi phazi. Kunsi kunalibe lamulo lililonse. Kunali nyerere.

Anaitanitsa amuna awiri aja.

“A Sipiriano, kuyambira lero munda wanu wakula. Mpira uliwonse umene miyendo yanu ingaufike, ndi wanu.”

“Ngakhale wa kwa alamuwa?”

“Makamaka wa kwa alamu anuwo.”

Fanuwelo nkhope inagwa. “Ndiye ine ndiziima ngati choopsezera mbalame?”

“Inu muziyang'ana kumwamba. Mukaona kuti bondo silifika, muitane. Ndipo pomenya muzibwera pambuyo pa awa. Akangofika pangodya yoyamba, ngakhale chokwawa, inu muwabweretse kunyumba.”

Mmisiri anazula miyala, nkukwirira timizere. Akomiti anang'ung'udza, koma aliyense ankaganiza kuti masewera akatha anena kuti ananena, ndipo chimenecho ndi chakudya chokoma kwa munthu wa m'komiti. Anamusiya.

Tsiku linafika. Bwalo linadzaza. Masewera atangoyamba, wa ku esiteti anamenya mpira wautali kuloza kwa Fanuwelo. Fanuwelo anauona, anadziwa kuti saufika, koma pakamwa panakana kutseguka. Munthu amene amayi amamuimbira nthungululu aitane telala pamaso pa mudzi wonse? Anatsimphina, anadziponya, nkugwa chafufumimba. Mpira unagubuduka kunka ku chinangwa. Sipiriano naye anali atathamanga, koma anaima ndendende pamene panali mzere kale. Mzere unali utakwiriridwa m'dothi. M'miyendo mwake unalimobe.

A ku esiteti analowetsa zigoli. Mbali zonse ziwiri za komiti zinagwirizana koyamba chaka chimenecho: kochi walakwitsa.

Mmisiri sanakalipe. Posinthana anangopatsa Fanuwelo madzi, nkumusansa fumbi kumsana.

Masewera anapitirira. Sipiriano anaugunda mpira mwangozi, unagwera pafupi ngati dzira la nkhuku, iye nkufika pangodya yoyamba akudabwa yekha. Fanuwelo anabwera pambuyo pake, nkuutumiza mpira m'chinangwa, onse awiri nkulowa. Telala anapeza chigoli chake choyamba pa mphamvu ya mnzake, ndipo sanachite nacho manyazi.

Chakumapeto, mpira wina unakwera m'mwamba kwambiri, kuloza komwe kuja. Fanuwelo anaponya phazi, bondo linamuuza zoona. Anaima. Ndipo bwalo lonse linamva mawu a woyendetsa ngolo, mawu ozolowera kukalipira ng'ombe, akuti, “Alamu, thandizeni!”

Sipiriano anathamanga. Pamene panali mzere sanayang'ane pansi. Anauwakha mpirawo mkati mwenimweni mwa munda wa mnzake, nkuufungatira pachifuwa. Fanuwelo anamukumbatira, nkumunyamula m'mwamba ngati thumba la chimanga. Amayi anasokonezeka, poti anali asanaimbirepo nthungululu munthu wowakha. Mkazi wa Fanuwelo ndiye anayambitsa, ena nkulandira.

Chikho chinapita ku esiteti. Zigoli za poyamba zija zinapweteka timu ya mmisiri mpaka mapeto. Chikhocho chinali cha pulasitiki, musadandaule. Koma Loweruka lotsatira amuna awiri aja anabwera kubwalo limodzi, wina akutsimphina, wina atamunyamulira chibonga, ndipo palibe anatchulanso zochotsa munthu.

Abale anga, tanthauzo lake nali. Muno mulibe munthu wokwana. Wina amadziwa kulalikira koma sadziwa kukhala pafupi ndi wodwala. Wina pagulu amasowa mawu, koma maliro akagwa ndi iye woyamba kufika ndi nkhuni. Ife timakhala pansi kuyesa kuti wofunika ndi uti, tichotse uti. Mulungu safunsa funso limenelo. Iye amatiika moyandikana dala, kuti pamene mwendo wa wina sufika, wa mnzake ufike.

Mizere tinakumba ndife. Timaona banja la mnzathu likutsika ngati mpira uja, timathamanga pang'ono, nkuima, nkumati si m'munda mwanga. Timati ndi ulemu. Ena a ife tili mbali inayo: tikudziwa kuti sitifika, koma kugwa chafufumimba kukutikomera kuposa kuitana.

Sabata ino, chikakukulirani, itanani. Palibe amene adzakuchotseni m'timu ya Mulungu chifukwa choitana. Ndipo inu a miyendo yabwino, mukamva mnzanu akukutchulani, musayang'ane pansi. Thamangani.