Duku la Layisoni

Kalekale, zisudzo zikuchitikirabe pabwalo la mpira, pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo panali gulu lopanda mkazi wosewera, poti amuna sankalola akazi awo kukwera pansanja. Mbali za akazi ankasewera ndi Layisoni. Akamanga duku n'kuyamba kunyang'wa, mnzake Wedisoni atagwada akumufunsira, anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. "Alamu, vomerani!" ankakuwa motero.

Kenaka kunamveka manong'onong'o akuti chikondi cha awiriwa sichithera pansanja. Ndipo sanali mabodza.

Lamlungu lotsatira masana, Layisoni anatulukira monga mwa nthawi zonse, koma bwalo lonse linali zii. Bambo wina anakuwa, "Vula dukulo iwe, takudziwa!" Chitsononkho chinamugunda pamphumi. Panabwera mwala. Anthu omwewa, amene ankaombera m'manja zongoyerekeza, lero ankafuna magazi chifukwa cha zenizeni.

A Kambwiri, mkulu wa gululo, anadumpha n'kuima patsogolo pake. "Wofuna kugenda ayambe ine!" Mwala wachiwiri unawagulula mano awiri, koma sanasunthe.

Esinati, mayi wamasiye amene ankasoka zovala za gululo, anakwera pansanja chitenje atamangira m'chiuno. "Mwapenga kodi? Uyu ndi mwamuna wanga, ankhoswe akudziwa!" Linali bodza, komabe manja ambiri anatsika, anthu n'kuyamba kuyang'anana.

Wedisoni anapezerapo mpata. Anakokera Layisoni kuseri, n'kumukweza panjinga, n'kupalasa m'tinjira ta m'tiyi mpaka kwa mayi ake a Layisoni.

Bala lisanaume, onse atatu anabwera ndi mawu.

A Kambwiri, akulankhula movutikira, anati, "Mphwanga, Lamlungu ukwerenso ndi duku lomwelo. Ukabisala, mano anga apita pachabe."

Esinati anati, "Achimwene, bodza lija likufuna denga. Tikwatirane, muzisewera mwamtendere. Koma za a Wedisoni muiwale."

Wedisoni anangoti, "Tiye ku Limbe, kumene satidziwa. Zisudzo uzisiye. Amayi uzidzawalembera kalata."

Layisoni sankakhazikika. Ankalowa m'nyumba, kutuluka, kulowanso, duku lamagazi lili m'manja. Akaganiza za nsanja, pamphumi pankawawa. Akaganiza za Esinati, ankaona njinga ya Wedisoni ikutsetsereka yokha. Akaganiza za Limbe, ankamva mayi ake akutsokomola kuchipinda. Popanda mmodzi mwa atatuwa bwenzi ali kumanda, koma aliyense ankamupempha chinthu chimene sakanakhala popanda icho.

Loweruka linakwana. A Kambwiri anakhomanso matabwa a nsanja, Esinati anatumiza ankhoswe, Wedisoni anapopa matayala.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mwa atatuwa ndani anamukonda koposa Layisoni, ndipo kutacha Lamlungu akanatsata yani?